Chitenje chofiira chasulukira pa zoyera, quilt ndamaliza kale, nditani?

Nachisale: Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Quilt (chofunda cha zigamba zosokedwa pamodzi) ya log cabin ija ndimakuuzani, ya timizere ta nsalu tozungulira kachigamba ka pakati, ma block (zigawo za makona anayi) 36 a mainchesi 12, pakati pofiira, mbali ina zitenje mbali ina cotton yoyera. Miyezi isanu ndikusoka usiku ndikaweruka. Dzulo ndamaliza binding, nsalu yotsekera m'mphepete, ndati ndichape choko chichoke. Kutulutsa m'makina, zoyera zonse pinki, makamaka m'mphepete mwa misoko. Ma colour catcher (timapepala togwira utoto pochapa) awiri atuluka psuu koma sanaphule kanthu. Zitenje zonse ndinachapa ndisanadule kupatula chofiiracho, chinabwera mochedwa ndi alamu anga kuchokera ku Limbe ndiye ndinangodula. Chikundiwawa n'chakuti ndimafuna ndikaionetse ku Festival of Quilts, chionetsero cha ma quilt ku England, chaka chamawa. Ulendo uno ndinapita ku NEC, malo omwe chimachitikira ku Birmingham, mayi wina wovala magolovesi oyera anatitembenuzira quilt ina kuti tione kumbuyo, ulusi wolendewera olo umodzi, makona a binding akuthwa ngati envelopu. Ndiye ine ndipite ndi pinki wanga? Pano ili mu bafa, ikadali yonyowa.

Mayi a Tadala: Isaume achemwali. Osayanika, osaika mu dryer, ndipo simbi isayandikire. Ikauma utotowo umavuta kuchoka. Batting, ija yoika pakati pa nsalu ya pamwamba ndi ya pansi, mwaika yanji?

Nachisale: 80/20, cotton ndi poly.

A Banda Telala: Mchere, mayi. Beseni la madzi ozizira, mchere dzanja limodzi, viniga pang'ono. Mayi anga ankatero ndi chitenje chilichonse chatsopano. Zaka 30 ndili pa makina, nsalu sinandisulukirepo.

Mayi a Tadala: A Banda, mchere umagwira ntchito pamene akunika nsalu, kuti utoto ulowe mu thonje. Viniga ndi wa ubweya ndi silika. Apa utoto wachoka kale pa chofiira, wakhala pa choyera. Tikufuna uchoke, osati ugwire.

Nachisale, popeza si wool, dzazani bafa ndi madzi otentha kwambiri, mpaka pamwamba. Thirani Synthrapol, sopo wochotsa utoto wotsalira, ngati muli nayo, apo ayi sopo wamadzi wotsukira mbale wopanda bleach. Quilt yonse imire, muipsinje ndi mabotolo amadzi, chifukwa pamene patulukira kunja pamasiya mzere. Madzi akafiira tayani, thirani ena. Kenako igone m'madzimo usiku wonse. Makina otsekula kutsogolowa amachapa ndi timadzi tochepa, utoto umasowa kopita, umangobwerera pa nsalu.

Nangozo: Ndiwonjezere: Retayne, mankhwala omatira utoto pa nsalu, ayi pa quilt yomwe yasulukira kale, mumata pinkiyo mpaka kale. Jik musaganize n'komwe. Tija ta colour run remover tinandiliza ine, tinachotsa pinki inde, koma buluu wa chitenje anasanduka ngati phulusa. Inali ya ukwati wa mwana wa achimwene, kutatsala masiku anayi. Ndinagula mapoto.

A Banda Telala: Madzi otentha pa chitenje? Ndiye mukufuna chisuluke chonse. Ine ndanena mchere.

Nangozo: Bambo, chomwe chikutuluka ndi utoto wotsalira womwe sunagwire. Ukapanda kutuluka lero utuluka kwa mwini wake tsiku lina.

Gogo Nasimango: Ana inu, potulutsa musaikoke ndi ngodya. Ya mainchesi 72 ikamwa madzi imalemera ngati mbuzi, misoko ya kotala inchi imathetheka. Yalani bedi shiti pansi pake musanathire madzi, ponyamula mugwire shitiyo anthu awiri. Komanso zitenje sizifupika mofanana ndi cotton ya ku shopu, ndiye musadabwe ma block akakwinyika. Poumitsa muiyale pansi, muikoke bwinobwino ndi tepi m'manja, osaipachika pa chingwe.

Nachisale: Zikomo agogo. Koma kodi chofiiracho ndi cotton zoona? Pano ndayamba kukayika, chimaterera.

Mayi a Tadala: Tengani kachidutswa kotsala muyatse. Cotton imanunkha ngati pepala, phulusa lake limafumbutuka. Poly imapindika n'kusiya kamkanda kolimba kakuda. Zitenje zotchipa zambiri masiku ano ndi poly kapena zosakaniza, dzina lokha wax. Ine china chinandisungunukira pa simbi ndikutsegula msoko, block yonse kutaya, simbi kupala ndi mpeni.

A Banda Telala: Kale kunalibe zimenezo. Chitenje cha Whitex umachidziwa pongochigwira. Ndipo tinkanyika mu mchere.

Nangozo: A Banda mcherewo mukugulitsa kapena?

A Banda Telala: Sekani, koma ayesere kaye pa kachigamba aone.

Gogo Nasimango: Za kachigamba ndiye mwanena zoona. Sokani chofiira ndi choyera pamodzi, zidutswa ziwiri, china mu mchere china m'madzi otentha, mkangano uthe. Ndipo za chionetsero musafulumire kulira, kuli gulu la ongoyamba kumene. Koma musaiwale sleeve yopachikira kumbuyo, muyang'ane muyezo wake pa malamulo a chaka chimenecho musanasoke.

Nambewe: Pepani kulowerera. Mwati munapita ku NEC, walking foot (phazi la makina lokoka nsalu ya pamwamba ndi ya pansi limodzi) ya low shank, ya makina omwe chogwirira phazi ndi chachifupi, munaionako? Yanga ikudumpha, zitenje zikupanga timapinda kumbuyo ndikamachita quilting, kusoka pamwamba, batting ndi kumbuyo pamodzi.

Mayi a Tadala: Musanagule ina, basting, kugwirizira nsaluzo pamodzi musanasoke, mumapanga motalikana bwanji? Mapini asapitirire chikhatho chimodzi. Ndipo sinthani singano, ikani 90/14 yatsopano, sitichi ikhale 3.

Nambewe: Ndimagwiritsa spray ya guluu.

A Banda Telala: Spray ndi amene akumata singanoyo. Ulusi ndi manja basi.