Alendo akufuna hamoki, ndiwalole?

Chikondi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Sabata yamawa ndikukwera phiri ndi alendo sikisi, tikagona mausiku awiri. Awiri mwa iwo akakamira hamoki, nsalu yogonamo yomangirira pakati pa mitengo, ati tenti imalemera. Usiku woyamba tikagona m'nkhalango, wachiwiri chakumtunda pa mamita 2,500.

aPhiri: Kumtundako kuli mitengo, achimwene? Hamoki imafuna mitengo iwiri yolimba, yotalikirana mamita 4 kapena 5. Pamwamba choncho nthawi zambiri pamakhala udzu ndi miyala basi.

Chikondi: Ilipo, koma ndi timitengo tatifupi topindika ndi mphepo.

Nabanda: Ingakhale italimba, kuzizira kukawamaliza. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Ndiye muhamoki thupi limapsinja sleeping bag, kumsana n'kungotsala kansalu, mphepo ikudutsa pansipo usiku wonse. Popanda underquilt, chofunda chokoleka kunsi kwa hamoki, mlendo akakudzutsani pakati pa usiku akunjenjemera, mawa lake akatsika wotopa, ndipo wotopa ndi amene amaterereka. Zoti imapepukazo, auzeni aike pa sikelo zonse: hamoki, lona, malamba, neti ya udzudzu ndi underquilt. Tenti ya anthu awiri amagawana, wina mapolo ndi zikhomo, wina nsalu.

aMbewe: Mayi, musainyoze kwambiri hamoki. M'nkhalango motsetsereka, modzaza mizu ndi matope, kupeza pothyathyathya pa matenti atatu ndi ntchito, pomwe wa hamoki wagona kale. Chachikulu amangire ndi malamba otambalala masentimita 2.5 kuti asasende makungwa, asakoke kwambiri, malamba apendekeke madigiri 30, ndipo agone mopingasa pang'ono kuti msana uwongoke. Muyang'anenso m'mwamba ngati muli nthambi zouma.

Nabanda: Zoona bambo, koma zimenezo ndi za usiku woyamba wokha.

Chikondi: Ndamva. Tinyamula matenti atatu, agona awiriawiri. Wofuna hamoki m'nkhalangomo anyamule yekha m'chikwama chake.

aPhiri: Tengani matenti oima okha ndi mapolo, ndi zingwe zowonjezera. Pamwamba zikhomo sizilowa pathanthwe, mukamangirira kumiyala ikuluikulu. Khomo likayang'ane kumene mphepo ikupita. Ndipo inuyo mukagona muti? Matenti atatuwo ndi a alendo okha.

Chikondi: Yanga yaing'ono ija ili kale m'chikwama.