Foloko ya njinga yauma, ndiisamale bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, ndinagula njinga yakaunjika yokhala ndi foloko ya RockShox yoyendera mpweya, koma tsopano yauma ndipo siikubwerera bwino ndikadutsa m'mabampu. Kodi ndipake girizi pamapaipi ake?

Woyankha woyamba: Musatero achimwene, chifukwa girizi wapanja amagwira fumbi limene limakanda mapaipiwo n'kuwononga mphira zotchinga. Muzingowapukuta ndi kansalu kofewa mukafika kunyumba. Kampaniyo imalangiza kuti miyendo yam'munsi ya folokoyo izitsukidwa ndi kuthiridwa oyilo watsopano pakatha maola 50 oyenda, ndipo ndikukhulupirira kuti yanuyo inapitirira kalekale.

Woyankha wachiwiri: Yesaninso mpweya ndi pampu yake yapadera, osati ya matayala. Mukakwera njinga, foloko izitsika ndi gawo limodzi mwa magawo 5 a utali wonse umene folokoyo imatha kutsika.