K60,000 pa ulendo wa tsiku limodzi ku Phiri la Mulanje, ndilipire?

Anangondo: Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga akubwera kuchokera ku Lilongwe ndi anzake awiri, ndipo sanaliponde phirili ngakhale kwawo ndi konkuno. Pali anyamata akutsatsa ulendo wa tsiku limodzi: kunyamuka pa Chitakale m'mamawa, kudutsa m'minda ya tiyi ndi midzi ya m'munsi mwa phiri, kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, nkhomaliro, kenako kuonera gule wa tchopa pamudzi wina. Akuti K60,000 munthu mmodzi. Tikhala anayi. Ndilipire?

Bambo a Tadala: Mayi, ndalama zanu sungani. Ine ndi akazi anga tinalipira K45,000 aliyense chaka chatha kwa anyamata ngati omwewo. Anati galimoto ifika 6 koloko, inafika 9. Tinayamba kukwera dzuwa litatentha kale. Nkhomaliro yomwe ankaitama inali mabanzi awiri ndi botolo la chakumwa chofunda. Tchopa uja sitinamuone, akuti pamudzipo pagwa maliro. Za malirozo sindikutsutsa, zimachitika. Koma bwezani ndalama ya gule. Ndinaimba sabata yonse, foni yozima. Mpaka lero mtima umandiwawa chifukwa ulendowo unali wokumbukira ukwati wathu.

Mjomba wa Sapitwa: Dziwe la Nkhalamba mukuti kukwera phiri? Kumeneko ana a sukulu amapita atavala masilipasi. Ine Sapitwa ndamukwera katatu, mamita 3,002, kugona m'kanyumba ka m'phiri ka Chisepo, kudzuka mdima ulipo. Ulendo womaliza ndinawononga K300,000 ndipo sindinadandaule. Chinthu chabwino chimafuna thumba.

Anachisale: Mjomba, afunsa za tsiku limodzi, sanafunse mbiri yanu.

Che Jafali: Achemwali, njira yotchipa ilipo. Kwerani kabaza pa Chitakale mpaka ku Likhubula, ku ofesi ya zankhalango. Mukalipire pageti, mutenge gaidi mmodzi pomwepo, nonse anayi. Ine ndinapereka K15,000 kwa gaidi. Mpunga phikani kunyumba, nanazi mugula panjira. Zonse pamodzi sizifika K50,000, gulu lonse.

Bambo a Tadala: K15,000 inali liti imeneyo? Ine anandiuza K30,000 pageti pomwepo.

Che Jafali: Munavala bwino kwambiri, achimwene. Anakuonani ngati ochokera ku Namiwawa.

Mayi a Yamikani: Ndiyankhulepo chifukwa mlongo wanga ndi gaidi, ndipo ana ake amadya za m'phirimo. Anthu mukamva K60,000 mumaganiza kuti yonse ilowa m'thumba la munthu mmodzi. Muli mafuta a galimoto, muli gaidi, muli chakudya, ndiye ovina. Tchopa savina munthu mmodzi. Ndi gulu lonse, azibambo ndi azimayi, oimba ng'oma, zikopa ndi zonyamula kumsana zija. Anthuwo asiya kumunda tsiku limenelo kuti inu muonere. Guleyu a UNESCO anamulemba pa mndandanda wa zikhalidwe za dziko lonse mu 2014, phiri lenilenilo analilembanso pa mndandanda wawo wina mu 2025, koma ovina mukufuna muwapatse K500 ngati ya mandasi. Chinanso, chigumula cha Freddy mu 2023 chinagwetsa miyala ndi kukumba mitsinje, njira zina sizili momwe munkazidziwira. Musapite nokha. Chomwe ndingakuuzeni, Anangondo, afunseni anyamatawo dzina la mudzi ndi la mfumu yake, komanso kuti ovina alandira zingati. Akayamba kuzungulira, asiyeni.

Mjomba wa Sapitwa: Ine sindifuna gaidi pa njira ya kudziwe. Ndikhoza kuyenda nditatsinzina.

Mayi a Yamikani: Mjomba, phirili anthu asoweramo. Chifunga chikatsika simuona ndi dzanja lanu lomwe. Ndipo dziwe lija ndi lakuya, madzi ake ozizira kwambiri. Ana a ku Lilongwewo musawalole kudumphiramo chisawawa.

Aphiri a ku Luchenza: Ngati nkhani ndi tchopa, dikirani Okutobala mupite kwa Chonde ku Mulhako wa Alhomwe. Magulu ambirimbiri, kuvina tsiku lonse, kalongonda ali pomwepo. Mungolipira minibasi basi.

Anachisale: Kalongonda wa pachikondwerero ine ndimaopa. Akapanda kumuphika nthawi yaitali ndi kutaya madzi, mutu umazungulira.

Aphiri a ku Luchenza: Mlomwe saphonya kalongonda, mayi.

Anangondo: Mwanayo akubwera mwezi uno, sadikira Okutobala. Ndipo chimene ndikufuna n'choti aone kwawo, amve za mizimu ya m'phiri monga agogo ake ankatiuzira, zakuti ukapeza chakudya m'nkhalango udye wekha osaitana mnzako. Aonenso mkungudza usanathe.

Che Jafali: Mkungudza simuuona kumunsi. Umamera pamwamba, ndipo odula matabwa anaumaliza malo ambiri. Pa tsiku limodzi muona mbande ku nazale basi, mwina ndi timabokosi togulitsa pamsewu.

Mjomba wa Sapitwa: Ine ndinauona weniweni, waukulu. Zithunzi ndili nazo.

Mayi a Yamikani: Nkhani za mizimuzo gaidi wamkulu msinkhu amazidziwa. Pemphani wachikulire, osati mnyamata woloweza Chingerezi cha azungu.

Bambo a Tadala: Mukalipira, perekani theka lokha. Theka linalo mupereke ng'oma zitalira. Ine ndinapereka zonse pafoni dzulo lake, ndi pomwe ndinalakwitsa.

Anangondo: Ndawaimbira. Akuti kwa anayi atsitsa, K50,000 aliyense, koma theka sakulola, akufuna yonse Lachisanu. Dzina la mudzi akuti andiuza mawa.

Bambo a Tadala: Mwaona?

Mayi a Yamikani: Dikirani mawalo kaye.

Aphiri a ku Luchenza: Nanazi pa Chitakale ali pa zingati masiku ano? Ndikudutsa Loweruka.