Tingaphunzitse bwanji Huckleberry Finn popanda kumusandutsa Jim choseketsa?

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru pa buku la Mark Twain la Adventures of Huckleberry Finn, lomwe linatuluka ku America mu 1885. Lili ndi mitu 43, moti teremu imodzi siikwana kuwerenga yonse m'kalasi.

Ndikufuna kutsindika mitu itatu. Mutu 15, mnyamata wachizungu Huck akupepesa kwa Jim, kapolo wothawa yemwe akuyenda naye, atamupusitsa pa nkhani ya chifunga. Mutu 16, akusocheretsa amuna osaka akapolo powachititsa kuganiza kuti m'bwato muli wodwala nthomba. Mutu 31, Huck akung'amba kalata yomwe analembera Miss Watson, mwini wake wa Jim, yoululira komwe Jim ali.

Pa mutu 31 ndi pomwe pamavuta. Huck akukhulupirira ndi mtima wonse kuti kupulumutsa Jim ndi tchimo lomutengera kugehena, chifukwa ndi zomwe anakula akumva ku Missouri. Ophunzira amathamangira kunena kuti wazindikira kuipa kwa ukapolo, chonsecho iye akudziona ngati wochimwa. Mumawafunsa mafunso otani kuti aone okha kuti chikumbumtima chake chinapotozedwa?

Palinso liwu lonyoza anthu akuda lomwe likupezeka koposa ka 200. Mumalitchula powerenga mokweza, kapena mumagwirizana ndi kalasi tsiku loyamba kuti muzilidumpha?

Kuyambira mutu 33, Tom Sawyer, mnzake wa Huck, akumuzunza Jim ndi masewera othawitsa, akudziwa kale kuti Jim anamasulidwa. Ophunzira amaseka, ululu wa Jim n'kuiwalika, ndipo zimenezi zimandiwawa. Kodi kuyamba ndi mbiri ya malonda a akapolo a ku Nkhotakota kungathandize kuti amumvetse Jim ngati bambo wolekanitsidwa ndi ana ake?