Mwana wanga akusakaniza Chipwitikizi, Chingerezi ndi Chimandarini, ndithandizeni

Moni nonse abale ndi alongo. Ndabwera ndi nkhawa ya mwana wanga wamkazi wa zaka 4. Ife tikukhala ku Maputo. Ine kwathu ndi ku Ulongwe wa kuno ku Mozambique, ndipo kunyumba ndimamuyankhula Chipwitikizi. Bambo ake ndi a ku China, amamuyankhula Chimandarini, pomwe kusukulu ya mkaka amaphunzitsa m'Chingerezi.

Vuto ndi loti m'chiganizo chimodzi muli zilankhulo zonse zitatu. Akamafunsa funso m'Chipwitikizi amamaliza ndi kamawu ka "ma", kamene Atchaina amaika kumapeto kwa funso: "Queres água ma?" (ukufuna madzi?). Maverebu a Chipwitikizi sawasintha, amangoti "eu comer" (ine kudya) ngakhale akunena za dzulo, monga mmene Chimandarini chimachitira. Mayina a zidole ndi mitundu ya zinthu, onse m'Chingerezi. Ife makolo timamumva, koma anzake amangomuyang'ana, iye n'kukhala chete. Izi ndi zomwe zikundipweteka mtima.

Tayesa kuti aliyense azimuyankhula chilankhulo chake basi, kwa miyezi 6 tsopano. Ndachepetsa makatuni a Chingerezi. Kuchipatala anamuyeza makutu, akumva bwino. Aphunzitsi ake akuti tisiye kaye Chimandarini, koma bambo ake akana, chifukwa ndi chokhacho chimene amayankhulana ndi agogo ake pa foni.

Kodi alipo amene analera mwana wa zilankhulo zitatu? Anayamba kuzisiyanitsa ali ndi zaka zingati? Akasakaniza ndizimukonza pomwepo kapena ndizingomuyankha bwinobwino? Komanso mayi anga ku Ulongwe akufuna azicheza naye m'Chichewa. Ndiyambe pano kapena ndidikire?