Laputopu yakana kuyaka nditaikamo RAM ndi khadi ya WiFi, thandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga a pagulu, ndathedwa nzeru. Laputopu yanga ndi yakale, ndiyo ndimalembera za pashopu, mwananso amachitirapo za kusukulu. Inali ndi RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito) ya 2GB ndipo imachedwa koopsa. Loweruka ndinagula ya 4GB kwa mnyamata wina ku Kapata, pamodzi ndi khadi ya WiFi, chifukwa yakale imangoduladula netiweki. Ndalamazo zinali za lendi, eni nyumba afika kale kawiri. Mlamu wanga ndiye anandikakamiza, lero akuti sizikumukhudza. Ndaika zonse ziwiri, fani ikuzungulira, kagetsi kakuyaka, koma sikirini ili bii. Mnyamatayo sakuyankha foni, magetsi nawo amabwera usiku okha. Kodi ndaiotcha?

Wokonza makompyuta ku Down Shops: Akulu, mwatiuza za lendi ndi za mlamu, koma laputopuyo simunaitchule! Ndi mtundu wanji, modelo yanji? Pakapepala ka pa RAM palembedwa chiyani? RAM ya mtundu wa DDR2 ili ndi mano 200 ndipo imafuna 1.8V, DDR3 ili ndi mano 204 pa 1.5V. Ngati yalowa osaikankha mwamphamvu ndiye mtundu ndi womwewo, vuto lili pa ma chip. Werengani ma chip amenewo, timabokosi takuda ta pa RAM. Ma laputopu a Core 2 Duo ndi Core i oyambirira aja amafuna 4GB ya ma chip 16, 8 mbali iliyonse, yolembedwa 2Rx8. Ya ma chip 8 okha, 1Rx8, ambiri saiwerenga. Fani imazungulira, sikirini bii, ndendende zomwe mukunenazi.

Mphunzitsi wa ku Katete: Musanataye ndalama zina, ganizirani SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hadi disiki. Chimachedwetsa makina akale ndi hadi disiki. SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 128GB, imalowa pamalo pomwepo, zomangira ndi zomwezo.

Wokonza makompyuta ku Down Shops: Aphunzitsi, munthu akuti makina sakuyaka. SSD ionetsa chiyani pa sikirini yakuda? Ngakhale mutachotsamo hadi disiki, laputopu yabwinobwino imaonetsa logo ya BIOS, kapulogalamu kamene kamayamba makina akangoyatsidwa.

Amayi a ku Mchini: Mwina sinakhale bwino chabe. Zulani chaja, chotsani batire, dinikizani batani loyatsira masekondi 30. Gwirani kaye chitsulo musanakhudze mkati. Tambasulani tizitsulo tiwiri ta m'mbali, RAM idzuka yokha. Pukutani mano agolidewo ndi labala yofufutira pensulo, pang'onopang'ono, musasiye zinyenyeswa. Ilowetseni chopendeka mpaka mano asaoneke, kenaka itsitseni mpaka tizitsulo tilire kuti tsa. Yesani imodzi yokha, silotu (polowetsa RAM) yoyamba, kenaka yachiwiri.

Wa ma netiweki ku Petauke: Nonse mwaiwala khadi ya WiFi. BIOS ya ma ThinkPad ndi ma HP ambiri akale imalola makhadi amene ali pamndandanda wake okha. Mukaika yachilendo, ThinkPad imalemba nambala ya vuto 1802, HP imalemba 104, makina n'kuima pomwepo. Bwezerani yakale. Timawaya tiwiri ta eriyo, koyera ndi kakuda, tizuleni molunjika m'mwamba, tikathyoka pamutu sitikonzeka msanga.

Wokonza makompyuta ku Down Shops: Mwanena nokha kuti IMALEMBA. Iwo akuti sikirini ili bii. Nkhani ndi RAM basi.

Wa ma netiweki ku Petauke: Bwana, musakuwe. Khadi yakufa kapena yokhala mopendeka mu silotu yake, yotchedwa mini PCIe, imatha kuimitsa makina asanaonetse kalikonse. Ndiponso mSATA, silotu ya ma SSD ang'onoang'ono, imafanana mano ndi mini PCIe, anthu amalowetsa khadi posayenera. Kuichotsa ndi zomangira ziwiri, bwanji osayesa?

Wophunzira za kompyuta ku Lundazi: Ine ndikuganiza agula DDR3L, ya 1.35V. Siingagwire m'makina akale.

Wokonza makompyuta ku Down Shops: Mwatembenuza, mphwanga. DDR3L, yolembedwa PC3L, nthawi zambiri imagwira pa 1.35V ndi 1.5V pomwe. Chokana ndi DDR3 wamba m'ma laputopu a Core i a m'badwo wachinayi, amene amafuna 1.35V. Musasokoneze anthu. Ndipo ikayaka asayambe kusangalala: Windows ya 32-bit imaona pafupifupi 3GB ndi pang'ono, yotsalayo imangokhala. Aike ya 64-bit, ndipo ayendetse MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa fulashi usiku wonse. Cholakwa ngakhale chimodzi, RAM imeneyo ndi yowonongeka.

Amayi a ku Mchini: Mverani ngati ikulira. Ma Dell Inspiron akale akalira kawiri ndiye kuti sakuona RAM. Ma HP ena amathwanimitsa Caps Lock katatu. Cholakwa chanu chachikulu, achimwene, n'kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Bwezerani 2GB ndi khadi yakale, muone ngati iyaka, kenaka muzisintha chimodzichimodzi.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Ndabwezera zakale, yayaka! Ndikaika 4GB yokha ikudanso. Laputopuyo ndi yakuda, anandipatsa malume. Tsono ndimubwezere mnyamata uja kapena ndiyese kuipukuta?

Wokonza makompyuta ku Down Shops: Yakuda si modelo, akulu. Itembenuzeni, jambulani kapepala ka pansi pake ndi ka pa RAM zonse ziwiri, mbali zonse, ma chip aoneke. Popeza yayaka, tsegulani pulogalamu ya CPU-Z pa tsamba la SPD, loonetsa za RAM, mutumizenso zimenezo. Kwa mnyamatayo mupite ndi laputopu yomwe, musinthanitse ndi ya 2Rx8, ndipo musachoke asanaiyatse inu mukuona.