Ndayamba kuonera ER koyamba: ndilekezere pati, nanga mwana wa zaka 14 angaonere nawo?

Abale anga a m'gulu muno, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munaonera kale ER, sewero la pa TV la za chipatala.

Ine ndaliyamba posachedwapa, ndipo n'koyamba. Musandiseke, ndikudziwa kuti seweroli linayamba pa NBC ku America mu September 1994 n'kutha mu April 2009. Chinandikokera ndi The Pitt, lija la 2025 muli Noah Wyle. Aliyense ankangoti "uyu ndi Carter wa mu ER", ine Carter wakeyo osamudziwa, ndiye ndinati ndikamuone kumene anayambira.

Panopa ndili pakati pa sizoni yoyamba, ndipo landigwira mtima kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinkayembekezera madokotala otchena akufunsirana m'makhonde. Koma gawo loyamba likuyamba ndi Dr Greene ali mtulo pa kabedi ka odwala m'kachipinda kamdima, namwino akutsegula chitseko kumudzutsa kusanache. Kenako akufika Carter, mwana wasukulu ya udokotala wa chaka chachitatu, jasi loyera mbee, koma kuika diripi sakudziwa. Dr Benton akumuyendetsa chipatala chonse mothamanga, kumutchulira zipinda ndi zida osapumira, mnyamata akungotsatira m'mbuyo maso ali tong'o. Ataona bala lalikulu akutuluka panja, nseru itamugwira, kukakhala pansi mutu uli weramu. Pamenepo ndinadziwa kuti sindilisiya msanga.

Vuto loyamba ndi kutalika kwake. Masizoni 15, magawo 331. Gawo lililonse ndi mphindi pafupifupi 45, ndiye tikunena za maola pafupifupi 250, ine ndili munthu wa pantchito komanso wa ana. Kodi lonseli ndi lokoma chonchi, kapena pali poti munthu n'kulekezera osadandaula? Wina anandiuza kuti George Clooney akangochoka basi, palibenso choonera.

Koma chandibweretsa kwenikweni ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 14. Amafuna kudzakhala dokotala, ndipo akangomva kanyimbo koyambira kaja amabwera kudzakhala pambali panga. Ndakhala ndikumuthamangitsa, chifukwa m'gawo loyamba lomwelo namwino Carol Hathaway akubweretsedwa pa ambulansi atamwa mapiritsi ambiri kufuna kudzipha, magazi ndiye osanena. Mtima wina ukuti mwina ndikumumana chinthu choti chikanamuonetsa mmene ntchitoyo ilili. Ndikuopanso kuti angatole zachipatala za zaka 30 zapitazo n'kumati ndi mmene zilili lero. Amene muli ndi ana a msinkhu umenewu, ndi inu ogwira ntchito m'chipatala, mungandilangize zotani? Chonde musandiululire amene adzamwalire.

Bambo wina:
Amayi, amene anakuuzani za Clooney uja anakunamizani. Anachoka mu sizoni 5, mu 1999, sewero n'kupitirira bwinobwino, chifukwa msana wake ndi Greene ndi Carter, osati Doug Ross, dokotala amene Clooney ankasewera. Ine ndimati onerani mwandondomeko kuyambira 1 mpaka 8, osadumpha gawo ngakhale limodzi. Pamapeto a sizoni 8 nkhani imafika pena poti mutha kupuma osamva kuti mwasiyira panjira. Chinanso, musamalimeze magawo asanu usiku umodzi. Linapangidwa kuti lizionetsedwa kamodzi pa mlungu, Lachinayi usiku, ndipo mukathamanga odwala onse amangosakanikirana m'mutu.

Namwino wina:
Ndiyankhe mbali ya zachipatala. Chimene ER inachita bwino, ndipo masewero ambiri atsopano amalephera, ndi kuonetsa kuti ntchito yathu ndi ya anthu ambiri. Wodwala wa ngozi akalowa, wina akudula zovala ndi sizasi, wina akufunafuna mtsempha, wina akuwerenga BP mokweza, wina akulemba nthawi. Kamera imazungulira bedi osadula, n'kutuluka m'khonde kutsatira wodwala wina. N'chifukwa chake mumamva ngati mwaima pomwepo. Amene analemba nkhaniyi poyambirira, Michael Crichton, anaphunzira udokotala ku Harvard, ndipo anailemba cha m'ma 1974 kuchokera pa zimene anaona ali wophunzira. Kutopa kwa madokotala achichepere mukukuonako si kokokomeza. Malire a maola 80 pa mlungu kwa madokotala ophunzira ntchito anakhazikitsidwa m'dziko lonse la America mu 2003, sewero lili kale mu zaka zake zapakati.

Koma mwanayo asaphunzirirepo chithandizo choyamba, ayi. Nkhani yaikulu ndi CPR, kukanikiza chifuwa ndi kupumira munthu amene mtima wake waima. Mu 1996 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa CPR ya pa TV, mu ER, Chicago Hope ndi Rescue 911. Anapeza kuti odwala 75 mwa 100 alionse mtima wawo unkayambiranso. M'moyo weniweni, munthu mtima ukaima ali m'chipatala ku America komweko, amene amatuluka wamoyo ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu, ndipo ukaimira kunja kwa chipatala ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi. Muonetsetsenso manja awo. Amapinda zigongono n'kumangogwedeza mapewa, chifukwa wagona pabediyo ndi mnzawo wa sewero. CPR yeniyeni manja amakhala owongoka, umakanikiza chifuwa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo nthiti zimatha kuthyoka. Masiku ano kwa munthu wamkulu timakanikiza ka 30 n'kupumira kawiri, malangizo amene anabwera mu 2005. Komanso makina amagetsi odzidzimutsa mtima aja sagwira ntchito mzere wa mtima ukakhala wowongoka, ngakhale masewero ambiri a chipatala amakonda kuonetsa choncho.

Zina zakalezo n'zongosangalatsa: ma pager m'chiuno, mafayilo a mapepala, zithunzi za X-ray zopachika pa bolodi lowala. Zimenezo sizingamusocheretse mwana.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri a nesi. Za zigongono zija ndazionadi usiku wathawu, tsopano sindikuthanso kuzisiya kuziona.

Mayi wina:
Asisi, wanga ali ndi zaka 15 ndipo tikuonera limodzi, koma mwa lamulo langa: ine ndimakhala patsogolo ndi magawo angapo, iye amaonera okhawo amene ndaonera kale. Zimatopetsa kubwereza, inde, koma simudzadzidzimuka muli naye. Magazi si amene amavuta, ana amawazolowera msanga kuposa ife. Zovuta ndi nkhani za ana ozunzidwa ndi makolo, atsikana ogwiriridwa, ndi anthu ofuna kudzipha. Zikabwera zimenezo ndimaimitsa kaye n'kumufunsa kuti wamvapo chiyani. Nthawi zina amangoti "tiyeni tipitirize mama", koma mawa lake ndiye amabwera ndi mafunso.

Popeza muli mu sizoni yoyamba, chakumapeto kwake kuli gawo lotchedwa "Love's Labor Lost", la March 1995. Ndi nkhani ya mayi woyembekezera amene akubwera ndi dandaulo looneka laling'ono, BP yake n'kukhala ikukwera. Limenelo muonere kaye nokha, ndipo ngati muli ndi wachibale woyembekezera m'nyumbamo asakhalepo. Pakati pa sizoni 6 palinso magawo awiri otsatizana amene chiwawa chimalowa m'chipatala momwemo. Amenewonso muyambe nokha.

Mnyamata wina:
Ingokonzekani kulira basi, mu sizoni 8 ku Hawaii kuja eeh

Mayi wina:
Achimwene, mayiwa apempha bwinobwino kuti tisaulule. Fufutani zimenezo.

Mnyamata wina:
Sindinatchule dzina la munthu ine, pepani.

Mtsikana wina:
Ine ndikutsutsana ndi abambo anena zolekezera pa 8 aja. Zoona, kuyambira sizoni 9 amayamba kukonda ngozi zazikuluzikulu, za helikoputa zija ngakhale ine zinandikwana. Koma mukalekezera pa 8 mwataya theka la nkhani ya Abby Lockhart, amene Maura Tierney anayamba kusewera mu sizoni 6. Amayamba ali namwino, akulimbana ndi mowa, mayi ake akudwala matenda a maganizo, kenako n'kumaliza sukulu ya udokotala atakula kale. Kwa mwana wamkazi wofuna ntchito imeneyi, Abby ndi Neela, uja amabwera mu sizoni 10, ali ndi zambiri zomuuza kuposa Doug Ross. Ndipo mu sizoni 15 akale ambiri amabweranso kudzaonekera, Clooney yemwe. Simungamve kukoma kwake ngati munadumpha.

Bambo wina:
Chemwali, za Abby ndavomera. Koma magawo a ku Congo ndi ku Darfur aja ine sanandikomere. Odwala akumeneko amangokhala ngati anabwera kudzathandiza dokotala wochokera ku Chicago kupeza mtendere wa mumtima mwake. Ku County General, chipatala cha m'seweroli, wodwala aliyense amakhala ndi dzina ndi khalidwe lake, kumeneko ambiri ndi khamu chabe.

Mtsikana wina:
Apo mwanena zoona bambo, ngakhale kuti nthawi imeneyo masewero a ku America oonetsa nkhondo zimenezo anali osowa. Mayiwa akafika pamenepo adzaweruza okha.

Wofunsa:
Pali china chikundizunguza. Kalaliki wa pakauntala amafunsa za inshulansi, madokotala amakangana za ndalama, koma wodwala aliyense amalandiridwa, ngakhale woledzera wogona mumsewu. Ndiye ku America kuchipatala n'kolipira kapena ayi?

Bambo wachikulire:
Zonse ziwiri, mwana wanga. Kuli lamulo la 1986 lotchedwa EMTALA, lomwe limakakamiza zipatala zolandira ndalama za Medicare, inshulansi ya zaumoyo ya boma, kuti munthu akafika ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi amupime ndi kumuthandiza mpaka achoke pangozi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Koma bilu imamutsatirabe pambuyo pake, ndipo lamulolo silimupezera mankhwala a mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake mukuona anthu omwewomwewo akubwerabwera ndi shuga kapena mphumu: alibe dokotala wina woti apiteko. County General ndi chipatala chongopeka, koma anachifanizira ndi Cook County Hospital cha ku Chicago, cha boma, chimene chinkalandira osauka ambiri. Mukamvetsa zimenezi, mikangano yambiri ya m'seweroli imamveka.

Ndiwonjezere chimodzi cha mwana wanuyo. Cha m'ma 1996 muli nkhani ya Jeanie Boulet, wogwira ntchito m'chipatalamo amene amapezeka ndi kachilombo ka HIV. Chaka chimenecho ndi chimene mankhwala ophatikiza atatu anayamba kusintha zinthu. Mudzaona mantha a anzake, ena osafuna kuti agwire wodwala, iye akubisa kuopa kuchotsedwa ntchito. Mwana wa lero amene wakula ma ARV alipo sangadziwe kuti anthu ankaopa chotani. Magawo amenewo ndiye muonere naye ndithu, n'kumuuza pamene zinthu zasintha.

Mnyamata wina:
Yatsani ma subtitles. Amalankhula mothamanga komanso mawu achipatala ndi ambiri. Koma musavutike kumva lililonse, ngakhale Carter sakumva. Yang'anani nkhope za anamwino, ndi zimene zimakuuzani ngati zinthu zavuta.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwandithandiza. Ndapanga chonchi: ndimaliza kaye ndekha sizoni yoyamba, kenako ndiyambirenso ndi mwanayu kuyambira gawo loyamba, ine ndili patsogolo ngati mmene asisi anenera. La Carol lija ndimuuziratu tisanayambe. Zolekezera pa 8 kapena kupitirira ndidzaona ndikafika. A nesi, mwanayu akufunsa ngati wa zaka 14 angaphunzire CPR yeniyeni, kapena adikire akule?

Namwino wina:
Angaphunzire, msinkhu umenewo mphamvu zokanikizira amakhala nazo. Koma akaphunzire pa chidole chophunzitsira, pamaso pa mphunzitsi wa chithandizo choyamba, monga a Red Cross. Muwauze ndi abale ake kuti asayeserane pa munthu amene akupuma.

Mtsikana wina:
Mukafika gawo loyamba la sizoni 4 mudzatiuze. Limenelo analisewera pompopompo pa TV mu September 1997, kawiri usiku umodzi, koyamba kwa oonera a kum'mawa kwa America kenako kwa a kumadzulo. Zithunzi zake zimaoneka zosiyana ndi magawo ena onse, ndiye musaganize kuti TV yanu yawonongeka.